Denga lafulati n'lokongola, koma madzi akatulukira kuti?

Awa ndi mawu amene mnzathu wa mu komiti ya zomangamanga anayankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali. Tawaika muno kuti amene simunabwere muwerenge tisanavote.

Zikomo a tcheya, zikomo alembi, ndi inu nonse anzanga. Ndithokozenso akuluakulu amene mwabwera kudzatimvera ngakhale kunja kukutentha chonchi.

Andipatsa mphindi zochepa kuti ndiyankhule za denga. Mukudziwa kuti kwa zaka ziwiri takhala tikusonkha, tikulima mpunga wa kalabu, ena kugulitsa mandasi ndi mafizesi ku bwalo la mpira, kuti timange kashopu kathu. Chipinda china kometera ndi kutchajitsa mafoni, china chogulitsira makope ndi kupanga fotokope. Pulani ilipo: mamita 10 kutsogolo, mamita 6 kulowa mkati. Za maziko tinamvana bwinobwino. Pa denga mpomwe tinatsala pang'ono kudyana pa gulu lathu la WhatsApp. Ambiri mukufuna lafulati, lija loti ukaima pamsewu malata suwaona, ngati mashopu atsopano amene akumangidwa m'mbali mwa M5 kuchokera pa boma mpaka ku Dwangwa. Ine ndinangolemba kuti tiyeni tidekhe kaye, wina n'kundiyankha kuti ndili ndi nzeru za agogo. Chabwino, sindinakwiye. Lero ndifotokoze.

Ine si injiniya ayi. Chilembereni mayeso a Fomu 4 ndakhala ndikuthandizira a bilida ena ake: kukankha wilibala, kusakaniza simenti, kumanga zitsulo ndi waya. Madenga afulati amene ndagwirako ndi asanu, atatu a malata obisika, awiri a konkire. Kuwonjezera apo ndili ndi nkhani ya kwathu, ndipo ndiyambira pomwepo.

Azakhali anga anamanga golosale yawo ndi denga la malata obisika. Makoma onse anayi anakwezedwa kupitirira malata, kakhoma kamene amisiri amati parapeti. Kutsogolo anapentako bwino, dzina la shopu lolembedwa zilembo zikuluzikulu. Aliyense wodutsa amati mwamangatu za m'tauni. Chaka choyamba panalibe vuto. Chaka chachiwiri, usiku wina wa mu March, mvula inagwa kuchokera cha m'ma 10 koloko mpaka mbandakucha. M'mawa azakhali potsekula chitseko, madzi ndi amene anayamba kutuluka. Siling'i inali itagwera pa mashelefu. Shuga yense anasungunuka, mchere chimodzimodzi, ufa unasanduka phala, machesi ndi makope osanena. Katundu ameneyo anapikula ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo amayi a ku banki mkhonde safunsa kuti mvula inagwa bwanji, amafuna ndalama yawo tsiku lake.

Ndinakwera pamwamba kuti ndikaone. Malata anali abwinobwino, palibe lobooka ngakhale limodzi. Vuto linali kumbuyo kwa parapeti, komwe kuli kangalande kolandira madzi onse a padenga, kamene amati gata. Kanali kakang'ono moti phazi langa silinalowe. Paipi yotulutsira madzi inali imodzi yokha, ndipo pakamwa pake panali masamba a mango ndi jumbo yakuda. Madzi atasowa kolowera anadzaza gatayo, n'kukwera, n'kulowa pansi pa malata. Jumbo imodzi basi, mpamba wa munthu n'kuthera pomwepo.

Nde mfundo yanga lero ndi imodzi yokha. Denga lafulati lenileni kulibe. Limangooneka lafulati kwa munthu woima pamsewu, koma pamwamba liyenera kutsetsereka, ndipo madzi ayenera kukhala ndi njira yawo yotakasuka. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mukapanda kuwakonzera khwawa, adzalipeza okha, ndipo lidzadutsa pa makina athu a fotokope.

Tiyeni tichiteko masamu pang'ono, musaope, ndi a Fomu 1. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi uku ndi mita imodzi uku, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Denga lathu ndi 10 kuchulukitsa ndi 6, masikweya mita 60. Usiku umodzi kukagwa mvula ya mamilimita 50, imene kuno si yachilendo, pa denga lathu pagwa malita 3,000. Amenewo ndi madiramu 15 a malita 200, kapena zigubu 150 zija timatungira pa mjigo. Tangoganizirani zigubu 150 zikudutsa pa kapaipi kamodzi. Kunonso ku Nkhotakota mvula ndi yambiri, imafika cha m'ma mamilimita 1,500 pachaka, pomwe ku Lilongwe nthawi zambiri siikwana 1,000. Ndiye pulani imene mwaiona ku Area 25 n'kuijambula pa foni siingangobwera kuno momwemo. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa February 2024, madzi atasefukira ku Dwangwa mpaka msewu wa M5 kuduka. Mvula ya kunyanja kuno si yosewera nayo.

Tsopano, anthu akamati denga lafulati amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa gulu paja timakangana chifukwa ena mumanena china, ena china. Loyamba ndi silabu, denga la konkire ndi zitsulo. Lachiwiri ndi malata obisika, ngati la azakhali. Ndiyambe ndi silabu.

Ubwino wa silabu ulipo, sindingakane. Mphepo siisasula. Akuba sangatsegule ngati mmene amakanganulira lata. Mvula ikamagwa mumamvana bwinobwino mkati. Pamwamba mutha kuikapo thanki ndi masola, ndipo ngati maziko anakonzedwera zimenezo, tsiku lina mutha kusanja chipinda china pamwamba. N'chifukwa chake eni mashopu akuluakulu amaikonda.

Koma imvani kulemera kwake. Konkire wokwana kiyubiki mita imodzi amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Silabu yokhuthala masentimita 15 pa shopu yathu ingadye makiyubiki mita 9. Kuchulukitsa, tipeza makilogalamu 21,600. Kuti mumvetse, amenewo ndi matumba 432 a mpunga a makilogalamu 50, atasanjidwa pamwamba pa mitu yathu usana ndi usiku. Katundu wotere saikidwa pa khoma la njerwa zomanga ndi dothi. Amafuna maziko ozama, mapilala a konkire, ndi mabimu. Malo otalika mamita 6 opanda bimu kapena khoma pakati, silabu ya masentimita 15 siingakwanitse, idzawerama ndi kung'aluka.

Palinso china chimene ambiri timaiwala. Nyanja yathuyi ili m'chigwa chija tinaphunzira mu jogirafe, chimene nthaka yake imagwedezeka. Funsani makolo anu za chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 March 1989, kufupi konkuno, chimene chinagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Ku Karonga zinachitikanso mu December 2009. Nthaka ikagwedezeka, denga lolemera lokhala pa makoma ofooka ndi limene limapha. Lata likakugwera umavulala, silabu ikakugwera nkhani yatha. Choncho silabu siyomanga mongoyerekeza. Kukula kwa zitsulo, kaya Y10 kaya Y12, ndi kutalikirana kwake, awerengere ndi injiniya, alembe pa pepala, pulani ipite ku khonsolo ikavomerezedwe. Bilida akakuuzani kuti ine ndimangoona ndi maso, muthokozeni, mum'perekeze.

Ndiye kathiridwe kake. Ndagwirako kawiri, ndipo ndikuuzeni, tsiku lothira silabu si tsiku la masewera. Pansi pamakhala matabwa ochirikizidwa ndi milimo yambirimbiri. Zitsulo siziyenera kugona pa matabwapo, mumaziikira timiyala ta simenti kuti zikwere masentimita awiri kapena awiri ndi theka, konkire azikute mbali zonse. Chitsulo chikakhala pamtunda chimachita dzimbiri, dzimbiri limafufuma, konkire n'kuyamba kusweka. Mukaona silabu yokhala ndi mizere yofiirira kunsi kwake, dziwani kuti matendawo ayamba.

Kasakanizidwe kodziwika ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale. Pa silabu yathu yokha pangalowe matumba a simenti 55 mpaka 60, osawerengera mapilala ndi mabimu. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, nde aliyense afunse mtengo wa thumba lero achulukitse yekha, kenako ayang'ane buku la msungichuma. Mchenga nawo, tisanamizane kuti poti tili kunyanja ndiye taphula. Mchenga wosalala kwambiri kapena wosakanikirana ndi dothi umafooketsa konkire. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani mchenga m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse. Dothi limakhala pamwamba pa mchengawo. Likachuluka, mchenga umenewo ukanidwe.

Konkire athiridwe tsiku limodzi osalekeza, chifukwa pamene mwalekezera n'kudzapitiriza mawa mpamene padzadonthere. Atsenderedwe bwino kuti mphako zisatsale. Madzi asachuluke. Anyamata timakonda konkire wamadzimadzi chifukwa sapweteka msana, koma akauma amakhala ndi timabowo tosaoneka. Mukathira, muzimuthirira madzi masiku osachepera 7, kumufunditsa ziguduli zonyowa, makamaka ndi dzuwa la kunoli. Mphamvu zake zenizeni zimakwana pa masiku 28. Milimo ya pansi isachotsedwe msanga chifukwa choti mwini matabwa akuwafuna kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwatha zonsezi, silabu ija siinakhalebe denga. Apa mpamene ambiri amagwera. Konkire payekha satchinga madzi mpaka kalekale. Masana amatentha n'kufutukuka, usiku amazizira n'kubwerera, ndipo pakapita nthawi timing'alu timabwera. Choyamba, pamwamba pamafunika pulasitala wotsetsereka wolozetsa madzi ku mapaipi. Amisiri odziwa amati pa mita iliyonse mutsike masentimita awiri ndi theka, kuti ngakhale dzanja litalakwitsa pena, madzi aziyendabe. Pa mamita 6 ndiye kuti mbali ina ikwere masentimita 15 kuposa inzake. Madzi akangoima pamwamba, ndi katundu winanso: akuya masentimita 10 amalemera makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, komanso ndi nyumba ya udzudzu.

Chachiwiri, pamwamba pa pulasitalayo pamayalidwa chotchinga madzi. Chodziwika kwambiri ndi chinsalu chaphula chokhuthala mamilimita 4, chimene amachimata pochiwotcha ndi moto wa gasi. Mipukutu yake ilumikizane mopitirirana masentimita 8 mpaka 10, ndipo m'mbali chikwere khoma masentimita osachepera 15, osati kungothera pakona. Pamwamba apakepo penti wasiliva woteteza ku dzuwa, ndipo pentiyo amafuna kubwereza pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ntchito imeneyi ili ndi anthu ake, ndipo kawirikawiri amachokera ku Lilongwe, nde muwerengerenso thiransipoti ndi malo ogona. Kungothira phula wosungunula m'diramu, monga ena amachitira, kumagwira chaka chimodzi, dzuwa la October likamuwamba amang'ambika.

Kutentha nakonso tikunene. Konkire amasunga kutentha kwa tsiku lonse n'kumakutulutsa madzulo. Amene munalowapo m'chipinda cha silabu mwezi wa November cha m'ma 7 koloko usiku mukudziwa. Wometa tsitsi wathu angamagwire ntchito atavula malaya.

Ndiye kwa ife, ndi thumba lathuli, silabu ndikuti ayi. Osati chifukwa ndi yoipa, koma chifukwa silabu yotchipa kulibe. Mukaichepetsera simenti kapena zitsulo kuti ndalama ikwane, mwamanga msampha.

Tibwere ku malata obisika, amene ndikudziwa kuti ambiri ndi amene mukuwafuna. Awa ndi opepuka, otchipirapo, ndipo parapeti imathandizadi kuti mphepo isalowe pansi pa malata n'kuwanyamula. Kuno kumene mwera umawomba miyezi yathunthu, ndiponso mvula yoyamba imabwera ndi chimphepo chosasula madenga a sukulu ndi matchalitchi, chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma pali malo anayi pamene denga lotere limafera.

Poyamba ndi kutsetsereka. Kuti parapeti isatalike, njerwa zisalowe zambiri, amisiri ena amagoneka malata pafupifupi fulati. Madzi amayenda pang'onopang'ono, mphepo ikawomba amabwerera m'mbuyo n'kulowa pa mfundo. Malata wamba amizeremizere aja amafuna kutsetsereka kwa madigiri 10 kapena kuposa, kutanthauza kutsika pafupifupi masentimita 18 pa mita iliyonse. Malata a IBR, aja a mizere ikuluikulu yamakona, ngalande zake n'zakuya, nde amalola madigiri 5, pafupifupi masentimita 9 pa mita. Kutsika kuposa apo ndi kuitana mavuto.

Pachiwiri ndi malata enieniwo. Pa geji, nambala ikakula lata limapyapyala: 32 ndi lopyapyala kuposa 30, ndipo 30 ndi lopyapyala kuposa 28. Pa denga logona chonchi, lata lopyapyala limabonyoka munthu akangopondapo, pobonyokapo madzi amaima, dzimbiri n'kuyamba. Ubwino wa IBR ndi woti amadula kutalika kumene mwafuna, choncho lata limodzi limatha kuchoka kumwamba mpaka kumunsi popanda mfundo pakati. Pokhoma, gwiritsani masikuluu okhala ndi kalabala, pamwamba pa mzere, osati m'ngalande modutsa madzi. Matabwa akhale ouma ndi opakidwa mankhwala a chiswe, ndipo amangiriridwe ku bimu ya pamwamba pa khoma ndi waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala chija, osati kungowasanjika.

Pachitatu ndi pokumana lata ndi khoma. Ambiri amangomata simenti pamenepo. Lata limafutukuka ndi dzuwa, simenti siyenda nalo limodzi, nde chaka chisanathe pamakhala mng'alu kuyambira uku mpaka uko. Pamafunika lata lopinda, limene mbali ina imalowa mu mzere wosemedwa m'khoma, mbali ina n'kuphimba malata. Amisiri amati fulashing'i. Pamutu pa parapeti paikidwenso chipewa cha simenti chopendekera mkati, apo ayi madzi amalowa m'njerwa kuchokera pamwamba, penti n'kumatuwa ndi kusupuka chaka chilichonse.

Pachinayi ndi pamene panagwetsa azakhali: gata. Ngati makoma onse anayi akwera, madzi onse amathera mu gata ya mkati, ndipo gata ya mkati ikadzaza siitayira panja, imatayira m'nyumba. Ikhale yotakata masentimita osachepera 30, yoti munthu alowetsemo fosholo. Itsetserekere ku mapaipi. Mapaipi akhale awiri kapena kuposa, a mamilimita 110, pakamwa pake pali kasefa kotchinga zinyalala. Ndipo chofunika kwambiri, chimene sindinachione pa mashopu ambiri a pa boma pano: bowo lapadera pa parapeti, m'mwamba pang'ono mwa mapaipi koma m'munsi mwa malata, loti mapaipi akatsekeka madzi azitulukira panja. Bowo limenelo silidya ngakhale thumba limodzi la simenti. Likanakhalapo, shuga wa azakhali akanapulumuka.

Mwina mukuti, nanga iweyo ukufuna chiyani, tifolere ndi udzu? Ayi. Maganizo anga ndi awa. Tikweze parapeti kutsogolo ndi m'mbali ziwiri, koma kumbuyo tisiye kotsekula. Malata a IBR atsetserekere kumbuyo, kutsogolo kukwere pafupifupi mita imodzi kuposa kumbuyo, ndipo malatawo apitirire khoma lakumbuyo ndi theka la mita. Lata limodzi la IBR limaphimba mamilimita 686 m'lifupi, ndiye pa mamita 10 tifuna malata 15 kapena 16. Munthu woima pamsewu adzaona shopu yafulati, dzina la kalabu lili pamwamba, ndendende mmene mukufunira. Koma madzi sadzatsekeredwa paliponse. Gata idzakhala panja, yooneka ndi maso, yoti ikadzaza imatayira pansi basi.

Ndipo madziwo tisawataye. Masikweya mita 60 kuchulukitsa ndi mamilimita 1,500, ndi malita 90,000 pachaka. Ngakhale titakolola gawo lochepa chabe m'thanki, kometera kwathu sikudzasowa madzi ochapira matawulo nyengo yonse ya dzinja. Otsalawo tiwakonzere ngalande ya simenti pansi, apite kutali ndi maziko komanso asakalowe pakhomo pa aneba, tingadzayambe milandu kwa amfumu.

Kutsogolo ndikupempha khonde. Yang'anani masitolo akalekale, aja anamangidwa makolo athu asanabadwe. Pafupifupi onse ali ndi khonde lalikulu, ndipo ambiri akadali chiimire. Khonde limateteza khoma ndi chitseko ku mvula yowomba cham'mbali, limapereka mthunzi, ndipo kasitomala wodikira kumetedwa amakhala ndi pokhala. Nyumba yafulati yopanda khonde imakongola pa chithunzi, koma pakatha madzinja awiri khoma limada ngati mphika. Za kutentha, tiike siling'i m'mwamba ndithu, mamita atatu kuchokera pansi, tisiye timawindo ta mpweya pakati pa siling'i ndi malata, ndipo ngati ndalama ilola tiyale pepala lonyezimira lija pansi pa malata. Malata owala amatentha pang'ono kusiyana ndi akuda, ngakhale akudawo ndi amene ali m'fasho.

Ndisanakhale pansi, ndinene za mmisiri, chifukwa pulani yabwino m'manja olakwika ndi chimodzimodzi. Izi zikuthandizaninso inu amene makolo kapena achimwene anu a ku Joni akutumiza ndalama zomangira shopu, inu n'kukhala woyang'anira.

Musafunse mmisiri kuti mumatha denga lafulati? Aliyense adzati eya. Mufunseni kuti, a bilida, tiperekezeni pa denga limene munamanga zaka zitatu zapitazo. Pitani, lowani mkati, yang'anani siling'i ngati ili ndi mawanga, chezani ndi mwini shopu iwo atatalikira. Kenako afunseni funso limodzi ili: madzi akatulukira kuti, nanga potulukirapo pakatsekeka adzapita kuti? Akayankha momveka, akujambulirani ngakhale pansi ndi kamtengo, ameneyo ndi mmisiri. Akayamba kuseka kuti ana inu mumadziwa chiyani, samalani. Safunsa anadya phula. Funsaninso ngati ali ndi pepala la TEVETA kapena la sukulu ina ya ntchito zamanja. Pepala palokha silimanga nyumba, koma limasonyeza kuti munthu anaphunzirako chifukwa chimene zinthu zimachitikira motero.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale mu kope la masamu, asayine mbali zonse pamaso pa mboni. Mulembemo mtundu wa malata ndi geji yake, kutsetsereka, kukula kwa gata, nambala ya mapaipi. Malata tikagule tokha, anthu awiri kapena atatu, ndi lisiti. Ndalama ziperekedwe m'magawo, ndipo gawo lomaliza lidikire kuyesa. Kuyesa kwake, ngati ndi silabu, mumatseka mapaipi, n'kudzaza madzi masentimita 5, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri mukuyang'ana kunsi. Ngati ndi malata, mumakwera ndi zigubu n'kuthira, wina ali mkati, wina akuyang'ana ku gata. Chabwino koposa ndi kugwirizana kuti kandalama kena katsale mpaka mvula yeniyeni itagwa kawiri. Siling'i isakhomedwe denga lisanayesedwe, chifukwa siling'i imabisa zambiri.

Pomaliza penipeni, denga lotere limafuna mwini. La azakhali linalakwika pomanga, zoona, komanso panalibe amene anakwerapo chimangireni. Ife tili anthu oposa 30. Pa zinthu za gulu aliyense amaganiza kuti mnzake achita. Ndikupempha kuti tilembe m'malamulo a shopu: mwezi wa October uliwonse, mvula isanayambe, anthu awiri akwere, asese gata, ayang'ane masikuluu ndi fulashing'i. Abwerezenso mu January ndi mu March. Mayina alembedwe pa khoma ngati ndandanda ya kusesa ku sukulu. Pokwera, pondani pamene pali masikuluu, pomwe pansi pali thabwa, makwerero agwiridwe ndi munthu, ndipo osakwera malata ali onyowa kapena pafupi ndi mawaya a magetsi.

Azakhali anabweza ngongole ija, zinawatengera miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwana wawo wina anakhala teremu yathunthu pakhomo. Denga tinalikonza: tinagumula parapeti yakumbuyo, n'kutulutsa malata kunja. Kuchokera pamsewu shopu ikuoneka chimodzimodzi ngati kale. Amene mukufuna kukaona, tipangane tikatha pano, si patali.

Ndalama imene ili m'buku la msungichuma tinaipeza movutika. Ena munapsa ndi dzuwa mukuwinga mbalame ku mpunga. Loweruka likubwerali tikuvota pakati pa silabu, malata obisika mbali zonse, ndi maganizo ndaperekawa. Votani mmene mukuonera, mutu umodzi susenza denga. Koma aliyense amene abweretse pulani yake, abwere atakonzeka kutionetsa pa pepala pamene madzi akatulukire.

A tcheya, ndathera pamenepa. Ngati pali mafunso ndiyankha amene ndingathe.